Amalume akuti Amália anali woimba wa Salazar. Ndiimbebe nyimbo yake paukwati?

Funso: Aphunzitsi, ndine mtsikana wa ku Ulongwe, ku Angónia, koma ndimakhala mumzinda wa Tete komwe ndimagwira ntchito mkati mwa sabata n'kumaimba m'mahotela Loweruka. Msuweni wanga akukwatiwa ndi mnyamata wa ku Portugal, ndipo makolo a mnyamatayo abwera kudzakhala nawo paukwati. Mkwatibwi wandipempha kuti ndidzaimbe nyimbo imodzi ya Amália Rodrigues powalandira alendowo. Ndinasankha Barco Negro chifukwa ndimaikonda kwambiri. Koma amalume, omwe ndi bambo ake a mkwatibwi, atangomva anakana kwamtuwagalu. Akuti mayi ameneyu anali woimba wa Salazar, wolamulira wankhanza wa Portugal uja, ndipo iwo sanathawe nkhondo ya Apwitikizi kuti mawu ake adzamveke paukwati wa mwana wawo. Kodi n'zoona? Amália anali munthu wotani? China, chiyambireni kuyeserera nyimboyi pakhosi pamandiwawa ndipo mawu asasa. Ndichite bwanji?

Yankho: Chemwali, mtima pansi. Simunalakwe kuikonda nyimboyo, komanso amalume anu sakuyankhula zam'mutu mwawo. Mlandu umene wabuka pakhomo panuwo ndi womwewo umene Apwitikizi eni ake anakanganirana zaka zambiri, ndipo ku Lisbon zikadalipo nkhalamba zimene mukatchula dzina la Amália zimapukusa mutu. Za pakhosipo ndifotokoza bwino kutsogoloku, koma poti matenda sadikira, ndineneretu: kuyambira lero ipumitseni kaye nyimboyo masiku angapo.

Tiyambe ndi munthuyo. Amália Rodrigues anabadwira ku Lisbon mu 1920, m'banja losauka lochokera ku Fundão, kudera la mapiri lotchedwa Beira Baixa. Makolo ake anapita kumzinda kukasaka ntchito, zitavuta anabwerera kumudzi, mwanayo n'kumusiya m'manja mwa agogo ake akuchikazi asanakwanitse n'zaka ziwiri zomwe. Ngakhale tsiku limene anabadwa pabanjapo sankalikumbukira bwino. M'kaundula wa boma munalembedwa 23 July, koma mwiniwake ankakondwerera pa 1 July. Sukulu analekezera kupulayimale. Anaphunzirako kupeta nsalu, anagwirako ntchito pafakitale ya maswiti ndi makeke, kenaka iye ndi mng'ono wake Celeste anayamba kugulitsa zipatso padoko la Alcântara, kwa amalinyero ndi alendo otsika m'sitima. Ophunzira anga ndimakonda kuwauza zimenezi, chifukwa ambiri amaganiza kuti mawu oterewa amachokera kusukulu ya zoimbaimba. Mayiyu chimene anali nacho ndi khutu, ndi nyimbo za kumudzi kwa mayi ake zimene ankazimva pakhomo, zokhala ndi kapindidwe ka mawu kamene pambuyo pake anakalowetsa mu fado.

Fado ndi nyimbo ya m'tinjira ta Lisbon yakale, madera a Alfama, Mouraria ndi Bairro Alto. Inakulira m'malo omwera mowa m'zaka za m'ma 1800, pakati pa amalinyero, zidakwa ndi akazi oyendayenda. Woimba wake woyamba kutchuka, Maria Severa, anamwalira mu 1846 ali ndi zaka 26 zokha. Choncho mtsikana wa pabanja lopemphera akati akufuna kuimba fado, makolo ankagwira pakamwa, ndipo abale a Amália nawonso sanakondwe nazo. Komabe mu 1939 anaimba koyamba monga woimba wolipidwa pamalo otchedwa Retiro da Severa, ndipo pasanathe nthawi dzina lake ndilo linkayambirira pachikwangwani.

Kuti mumvetse zimene ankachita, muone kaye m'mene fado imaimbidwira kwawoko. M'nyumba ya fado anthu amadya, kumwa ndi kucheza. Kenaka magetsi amachepetsedwa, operekera zakudya amaima, mafoloko amaikidwa pansi, ndipo woyankhula amadzudzulidwa ndi anzake omwe. Pamipando pamakhala amuna awiri kapena atatu. Wina amagwira gitala ya Chipwitikizi, ya mimba yobulungira ndi nsambo 12 zoyalidwa ziwiriziwiri, imene imamuyankha woimba akamaliza mzere. Wina amagwira gitala wamba yosunga kayendedwe ka nyimbo, nthawi zina pamakhalanso ya besi. Ng'oma palibe, ndipo nthawi zambiri maikolofoni palibenso. Fado yachikale ili ndi machuni ake odziwika, chilichonse ndi dzina lake, ndipo woimba amasankha yekha ndakatulo yoti aikepo, monga m'mene kutchalitchi chuni chimodzi chimanyamulira mawu a nyimbo zingapo za m'buku. Ndiye luso silikhala pa chuni, poti aliyense m'nyumbamo akuchidziwa kale. Limakhala pa m'mene wanenera mawuwo usiku umenewo. Diresi lakuda ndi nsalu yakuda ya m'mapewa, zimene lero anthu amaziona ngati yunifolomu ya fado, amene anazikhazikitsa ndi Amália yemweyu.

Kukwera kwake kunali kwachangu, ndipo sindichedwapo. Madrid mu 1943, Rio de Janeiro mu 1944, zimbale zoyamba anajambulira ku Brazil komweko mu 1945, mafilimu awiri otchuka kwawo mu 1947, New York mu 1952. Mu 1955 anaoneka mufilimu ya Chifalansa akuimba Barco Negro yanuyo, chaka chotsatira n'kukaimba muholo ya Olympia ku Paris, ndipo kuchokera pamenepo dziko lonse linamudziwa. Anafika mpaka ku Japan ndi ku Soviet Union. Ankaimbanso m'Chisipanishi, m'Chifalansa, m'Chitaliyana ndi m'Chingerezi. Ku Mozambique ndi ku Angola anabwerako mu 1951, ndipo sitichita kufunsa kuti m'maholo a m'tauni nthawi imeneyo munkakhala ndani. Sanali alimi a thonje.

Apa ndi pamene amalume anu akulowera. Kukwera konseku kunachitika pansi pa ulamuliro wankhanza. Asilikali analanda boma la Portugal mu 1926, António de Oliveira Salazar anakhala nduna yaikulu kuyambira 1932 mpaka 1968, Marcelo Caetano n'kupitiriza mpaka 1974. Lamulo la mu 1927 linkafuna kuti woimba aliyense akhale ndi chiphaso, ndiponso kuti mawu a nyimbo ayambe adutsa kwa opima nyimbo asanaimbidwe pagulu. Fado ya anthu aganyu, imene kale inkanyoza mabwana ndi kulira za njala, inazimitsidwa. Inatsala ya chikondi, ya nsanje ndi ya kuvomereza zimene Mulungu wakupatsa. Otsutsa boma ankati anthu akugonekedwa tulo ndi zinthu zitatu: fado, mapemphero a ku Fátima ndi mpira. Olemba mbiri ambiri amati Salazar mwiniwake fado sankaikonda, koma boma lake linadziwa phindu la mayi amene maiko akunja akumuombera m'manja. Linamupatsa mamendulo, iye n'kulandira. Anaimba nyimbo ngati Uma Casa Portuguesa, yotamanda kanyumba kosauka koma kachimwemwe, komwe buledi ndi vinyo patebulo n'zokwanira, uthenga wokoma kwambiri kwa boma lofuna anthu osadandaula. Ndipo sanaimepo pagulu n'kudzudzula boma kapena nkhondo zake za ku Africa.

Tsopano ganizani zimene zinkachitika kwanuko m'zaka zomwezo. Chibalo, thonje lokakamiza, mbalamatodya, thabwa lomenyera m'manja, kwa wolephera msonkho. Nkhondo itakula m'chigawo cha Tete kuyambira 1968, anthu anachotsedwa m'midzi yawo n'kuunjikidwa m'midzi yolonderedwa ndi asilikali. Pa 16 December 1972 asilikali a Apwitikizi anapha anthu mazana angapo ku Wiriyamu, kufupi ndi mzinda umene mukukhalawo. Nduna yaikulu ya Portugal ya nthawiyo, António Costa, inapepesa za Wiriyamu mu 2022, koma pepani sapoletsa chilonda. Munthu amene anadutsa m'zimenezi akamva kulira kwa gitala ya nsambo 12 ija, sakumva ndakatulo ayi. Akumva wailesi ya pakhonde la chefe do posto, bwana wa boma la atsamunda m'dera. Pamenepo musakangane nawo, chifukwa mbiri ya Amália singafufute zimene makutu awo anasunga.

Koma mwafunsa ngati n'zoona kuti anali woimba wa Salazar, ndipo ine ndikuti mawu amenewo apitirira muyeso. Mu 1962 anatulutsa chimbale ndi Alain Oulman, mnyamata wobadwira ku Portugal m'banja la Chifalansa, wopeka nyimbo pa piyano, wa maganizo otsutsa boma. M'chimbalecho munali Abandono, ndakatulo ya David Mourão-Ferreira yonena za munthu amene wakatsekeredwa kutali chifukwa cha maganizo ake. Aliyense anadziwa kuti ikunena za ndende ya Peniche, linga la m'mphepete mwa nyanja momwe ankatsekeramo andale, momwenso mtsogoleri wa chipani cha chikomyunizimu, Álvaro Cunhal, anathawamo mu 1960. Anthu anaitcha Fado de Peniche, ndipo boma linailetsa. Mu 1966 apolisi achinsinsi a PIDE anamanga Oulman. Amália sanabisale. Anamudandaulira kwa akuluakulu mpaka anatulutsidwa n'kuthamangitsidwira ku France. Mu 1970 anatulutsa nyimbo ya ndakatulo ya Manuel Alegre, pomwe mwiniwakeyo ali kothawira ku Algiers, akuyankhula pawailesi yotsutsa boma. Ankachezanso ndi José Carlos Ary dos Santos n'kumaimba mawu ake, chonsecho aliyense ankadziwa mbali imene mlakatuliyo anali. Amália atamwalira, José Saramago, mlembi wolandira mphoto ya Nobel yemwenso anali wachikomyunizimu, anaulula kuti mayiyu ankapereka ndalama mobisa kuchipanicho nthawi imene chinali choletsedwa.

Zonsezi sizinamuteteze boma litagwa pa 25 April 1974. Ena anamutcha kapolo wa boma lakale, fado inachepa pawailesi, ndipo kunabuka mphekesera zamitundumitundu, mpaka yakuti panali njira yapansi panthaka yochokera kunyumba kwake kukafika kwa Salazar, poti nyumba ziwirizi zinali dera limodzi la São Bento. Chaka chomwecho anajambula Grândola, Vila Morena ya José Afonso, nyimbo imene inaulutsidwa pawailesi monga chizindikiro choti asilikali anyamuke kukagwetsa boma, koma ena anati akungodzigula. Zinamupweteka kwambiri, ndipo kwa zaka zingapo ankalandiridwa bwino kunja kuposa kwawo.

Maganizo anga ndi awa. Amália sanali Miriam Makeba, woimba wa ku South Africa uja, amene analandidwa pasipoti ndi unzika chifukwa choyankhula. Sanalinso José Afonso, amene anaphunzitsapo ku Lourenço Marques (Maputo wa lero) ndi ku Beira, n'kubwerera kwawo ali wodana ndi utsamunda kotheratu, kuchotsedwa ntchito ndi kumangidwa. Anali mwana wa amphawi amene anakwera pamwamba, wamantha pandale, wofuna kukhala bwino ndi aliyense, wothandiza anthu mmodzimmodzi koma osakweza mawu pabwalo. Mukhoza kumudzudzula pa kukhala chete kumeneko, ndipo ine sindingakutsutseni. Koma kukhala chete n'kwina, kutumikira n'kwina. Boma lomwelo linagwiritsanso ntchito dzina la Eusébio, katswiri wa mpira, mwana wa ku Mafalala ku Maputo, pofuna kuonetsa maiko kuti Portugal ndi madera amene inkalamulira ku Africa ndi banja limodzi. Ndi ochepa lero amene angamutche wampira wa Salazar.

Kwa inu monga woimba, chofunika kwambiri pa moyo wa mayiyu ndi zimene anachita ndi mawu. Asanabwere iye, ndakatulo za fado zinkalembedwa ndi alakatuli a m'madera momwemo, anthu aluso ndithu, koma ophunzira a kuyunivesite ankaziyang'ana ndi diso lonyoza. Amália anayamba kutenga ndakatulo za alembi a mabuku, monga Pedro Homem de Mello, Mourão-Ferreira ndi Alexandre O'Neill. Oulman ankazipekera nyimbo zokhala ndi makodi amene oimba gitala akale sanawazolowere, moti ankaziseka kuti ndi ma opera. Mu 1965 anachita chimene ena anachiona ngati mwano weniweni: anaimba ndakatulo za Luís de Camões, mlakatuli wamkulu wa dzikolo amene anamwalira mu 1580, yemwe tsiku lomukumbukira, 10 June, ndilo tsiku la dziko la Portugal. Manyuzipepala anachita kufunsa anthu ophunzira ngati n'zololeka kuti Camões aimbidwe ndi mayi wa fado. Akumtunda anati wamutsitsa Camões, akumunsi anati fado waisandutsa ya mabwana. Iye anangopitiriza, ndipo chimbale cha mu 1970, Com Que Voz, ndi chimene ine ndimachiika pamwamba pa zimbale zake zonse.

Mukachimvera, musatengeke ndi kukula kwa mawu. Mverani pamene akupumira. Sadula liwu pakati kuti apeze mpweya, amapuma pamene mlakatuli anaika mpumiro. Kapindidwe kake kaja samakamwaza paliponse, amakasungira liwu limene lanyamula nkhani ya mzerewo, ena onse n'kuwanena mophweka ngati akuyankhula. Penanso amachedwa dala, oimba gitala n'kumudikira, kenaka awapeza kumapeto kwa mzere. Mayi wolekezera kupulayimale ankawerenga ndakatulo bwino kuposa aphunzitsi ambiri a chinenero amene ndawamvapo. Mu 1980 anatulutsa chimbale cha ndakatulo zake zokhazokha.

Mitima ya anthu akwawo inabwerera pang'onopang'ono. Chodabwitsa n'chakuti konsati yake yoyamba yaikulu ya payekha mu Lisbon, ku Coliseu dos Recreios, inachitika mu 1985, ali ndi zaka zoposa 60, atazungulira kale dziko lonse. Nthawi imeneyo mawu anali atatsika ndi kukhuthala, koma katchulidwe kaja kanali komweko. Anasiya kuimba pagulu mu 1994. Mwamuna wake wachiwiri, César Seabra, injiniya amene anakwatirana naye ku Rio de Janeiro mu 1961, anamwalira mu 1997, ndipo iye anatsatira pa 6 October 1999 kunyumba kwake, ali ndi zaka 79. Boma la António Guterres, yemwe pambuyo pake anadzakhala mlembi wamkulu wa United Nations, linalengeza masiku atatu olira maliro, misonkhano yokopa anthu pachisankho n'kuima. Mu 2001 mafupa ake anasamutsidwira ku Panteão Nacional, komwe kumagona anthu olemekezeka a dzikolo, ndipo anali mayi woyamba kuikidwa kumeneko. Eusébio anamupeza komweko mu 2015.

Tibwere ku ukwati. Ngakhale amalume akanavomera, Barco Negro si nyimbo ya paukwati. Chipwitikizi mumachidziwa, ndiye khalani pansi muwerenge mawu akewo osaimba. Ndi mkazi amene mwamuna wake wapita panyanja, azimayi okalamba pagombe akumuuza kuti sabweranso, iye akukana kukhulupirira. Asewere ochokera ku Portugal adzaizindikira pamzere woyamba, ndipo adzadabwa kuti mkwatibwi mukumuimbira za umasiye tsiku lomwe akulowa m'banja.

Nyimboyi ilinso ndi mbiri imene amalume angafune kuimva tsiku lina. Chuni chake si cha ku Portugal. Chinachokera ku Brazil, kwa Caco Velho ndi Piratini, ndipo mawu ake oyamba, a mutu wakuti Mãe Preta, ankanena za mayi wachikuda wokalamba, kapolo, amene akugoneka mwana wa bwana wake pomwe kunyumba za akapolo munthu wake akukwapulidwa. Ku Portugal opima nyimbo sanawalole mawu amenewo, ndipo pokonza filimu ija ya mu 1955, Mourão-Ferreira analemba atsopano a panyanja aja. Kugunda kumene mumamva pansi pa nyimboyo, kosafanana ndi fado inzake, n'kochokera kumeneko. Wina angati Amália anathandiza kukwirira nkhani ya akapolo, wina angati anapulumutsa chuni chimene chikanaiwalika. Inu mukamaiimba m'hotela muja muzidziwa chabe kuti pansi pa mkazi wa pagombeyo pali mayi wina.

Ndiye muchite chiyani? Musapite kwa amalume nokha mutanyamula zaka ndi mayina ndakupatsaniwa ngati mukupita kukhoti. Mukhoza kuwaposa pakamwa, koma paukwatipo adzakhala atakwinya nkhope tsiku lonse. Komanso pempholi si lanu, ndi la mkwatibwi. Iyeyo ndiye ayankhule ndi bambo ake, kudzera mwa ankhoswe kapena mwa mayi anu, amene ndi mlongo wawo ndipo amadziwa nthawi yowayankhulira. Nkhani yoyamba isakhale ya nyimbo. Ine ndikuganiza kuti chimene chikuwawawa amalume si Amália yekha. Mwana wawo akukwatiwa ndi Mpwitikizi, avomera, ameza zambiri, ndipo nyimboyi ndi pamene apezera pokanira. Aloleni anene zimene anaona. M'mabanja ambiri a m'malire muno nkhani za nthawi imeneyo sizinakambidwepo pamaso pa ana.

Akafewa, njira ilipo. Yambani ndi nyimbo ya kwanu, ya chintali kapena ya ngoma, kuti alendo adziwe pakhomo pamene afika, amalume nawo aone kuti mwambo wawo ndiwo watsogola. Kenaka imbani imodzi mwa nyimbo za kumudzi zimene Amália anajambula, monga za gule wa malhão wa kumpoto kwa Portugal. Ndi nyimbo za alimi, zovinika, zoomba m'manja, ndipo asewere aja sadzachedwa kuyankhira. Uma Casa Portuguesa ipeweni ngakhale alendo ataipempha, pa chifukwa ndanena chija. Amalume akakanitsitsa, gonjani ndi mtima umodzi, ndi tsiku la mwana wawo. Alendo mukhoza kuwaimbira madzulo ena komwe afikira, pagulu lochepa, komwenso fado imamveka bwino kuposa pa zokuzira mawu za paholo. Chimene ndikukuletsani ndi kuwadzidzimutsa, kuvomera pamaso kenaka n'kuiyamba nyimboyo pa perekaniperekani poganiza kuti pagulu sangakane. Ndinaonapo woimba wina akuchita zofanana ndi zimenezi paukwati. Bambo a mkwatibwi anangotenga chipewa chawo n'kutuluka, ankhoswe n'kuyamba kuthamangathamanga kunja pomwe keke ikudikira kudulidwa.

Tsopano za pakhosi. Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa oimba, vuto lanulo ndakumana nalo kawirikawiri kwa amene akutsanzira woimba wa mawu aakulu. Ndimalidziwa ndisanamve n'komwe liwu: chibwano chaloza kumwamba, mitsempha ya m'khosi yatuluka, mapewa akukwera pokoka mpweya. Mukuyesa kutulutsa mawu a Amália ndi kholingo lanu. Iye ankakwera patali ndi mawu a m'chifuwa chifukwa ndi m'mene analengedwera, komanso anazolowera kuimba usiku ndi usiku kuyambira ali mtsikana. Inu mukakankha mawu a m'chifuwa kupyola malire ake, timinofu tiwiri ta m'kholingo timene timatulutsa mawu timawombana mwamphamvu n'kutupa, ndiko kusasako. Onjezanipo kutentha ndi fumbi la ku Tete, ndi kuimba m'hotela mopikisana ndi phokoso la anthu akudya, mwina popanda sipika yoti muzidzimvera nokha.

Mankhwala oyamba ndi kupumitsa mawu. Masiku angapo osaimba, kuyankhula pang'ono, koma osanong'ona, chifukwa kunong'ona kumavutitsa kholingo kuposa kuyankhula motsitsa. Imwani madzi ambiri, pumirani nthunzi ya madzi otentha osathiramo kanthu, ndipo lekani kutsokomola kochotsa zapakhosi kuja. Maswiti oziziritsa pakhosi amangobisa ululu, inu n'kumapitiriza kudzivulaza. Mukayambiranso, tsitsani kiyi. Palibe lamulo loti muimbe pa kiyi ya pachimbale, ndipo m'nyumba za fado woimba aliyense amawauza oimba gitala kiyi yake asanayambe. Yambani ndi kung'ung'udza chuni motsitsa, kenaka nenani mawuwo ngati mukuuza munthu nkhani, kenaka muwaimbe osapinda paliponse. Zopindazo zibwere pomaliza, ndipo zikhale zanu. Katchulidwenso musavutike nako. Anthu a ku Lisbon amameza mavawelo, a kuno amawatsegula, ndiye imbani Chipwitikizi cha kwanu momveka bwino. Mariza, amene anabadwira ku Lourenço Marques mu 1973 kwa mayi wa ku Mozambique n'kukulira ku Mouraria, poyamba ankangofanizidwa ndi Amália paliponse, koma chinamukhazikitsa ndi kaimbidwe kakekake.

Mawu akapanda kubwerera pakatha masabata awiri kapena atatu mukuwapumitsa, pitani kuchipatala mukapemphe kuonana ndi dokotala wa makutu, mphuno ndi pakhosi, amene ali ndi kachipangizo koonera m'kholingo. Musadikire n'komwe masabatawo ngati mukumva kuwawa pomeza, mukulavula magazi, mwatuluka chotupa m'khosi kapena mukubanika popuma. Ngati kusasako kukuyendera limodzi ndi chifuwa chosatha, thukuta la usiku ndi kuonda, kayezetseni TB, chifukwa imagwiranso kholingo. Ngati m'mawa mumadzuka pakhosi pakuotcha ndipo mkamwa muli mowawasa, mwina ndi asidi wa m'mimba amene akukwera usiku, ndipo zimenezo zili ndi mankhwala ake. Oimba ena amagula mapiritsi a prednisolone kufamase kuti mawu atseguke tsiku la phwando. Musayerekeze popanda dokotala. Kutupa kumatsika, inu n'kuimba mwamphamvu pa minofu yovulala, mapeto ake timatuza kapena tizotupa timene nthawi zina timafuna opaleshoni. Mukapeza mphunzitsi wa mawu, ngakhale wa kwaya ya kutchalitchi bola akhale amene anaphunzira bwino, akuoneni mukuimba maulendo angapo, poti za chibwano ndi mapewa zija munthu sadziona yekha.

Pali nkhani inanso ya umwini, poti masiku ano ukwati uliwonse umathera pa Facebook ndi YouTube. Kuimba pamwambo wa pabanja si kumene kumabweretsa milandu kawirikawiri. Koma mukafuna kujambula nyimbo ya Amália mu situdiyo, kuigulitsa, kapena kuika mawu a Chichewa pa chuni chake, dziwani kuti eni ake ndi amene anapeka chuni ndi amene analemba ndakatulo, kapena olowa m'malo awo, ndipo ambiri mwa iwo sanamwalire kale kwambiri moti umwiniwo udakalipo. Ku Mozambique kafunseni ku SOMAS, ku Malawi ku COSOMA, mabungwe oteteza umwini wa nyimbo, iwo akuuzeni m'mene mungapezere chilolezo ku bungwe la SPA la ku Portugal. Nyimbo za kumudzi zakalekale monga za malhão ndi za anthu onse, koma kakonzedwe kamene kali pachimbale cha Amália kali ndi mwini wake, choncho muuzeni wa gitala wanu akonze kakekake, pa kiyi imene kholingo lanu likuikwanitsa.